Mapiritsi M'chivindikiro cha Mabatani

Mutu Wachisanu

1. Chivindikiro

Sukulu zitatsekedwa chifukwa cha mliri, Nambalawani anakhala pakhomo miyezi itatu. Dzina limeneli anamupatsa ndi anzake a m'kalasi, chifukwa chiyambire Fomu 1 palibe anamuposapo pa mayeso. Ankafuna kudzakhala dokotala, ndipo msewu wonse unkadziwa. Munthu akalandira pepala la kuchipatala lovuta kumva, ankabwera nalo kwa iye.

Bambo ake anali telala. Makina awo opalasa ndi mapazi ankakhala pakhonde, ndipo chiyambire mliri ankasoka mamasiki okhaokha. Anali munthu wouma pakamwa. Kasitomala akafunsa ngati malaya atha, ankangoloza pa msomali.

Bambowo ankadwala mtima. Ankamwa mapiritsi awiri m'mawa, awiri madzulo cha m'ma faifi. Kale ankawaikira ndi akazi awo. Amayiwo atamwalira, ntchitoyo inagwera mwana. Nambalawani ankaika mapiritsiwo m'chivindikiro cha chitini cha mabatani, n'kuchikhazika kudzanja lamanja la makina pamodzi ndi kapu ya madzi. Bambo ankatambasula dzanja maso ali pa singano, kukhuthulira m'chikhatho, kuponya m'kamwa.

"Zikomo, Mayi," ankatero. Mwana wawo wamkaziyo ankamutcha Mayi.

M'nyumbamo munalinso azakhali, mlongo wawo wa bambo, amene anabwera pa maliro ndipo sanabwererenso. Iwowa ankalankhulira nyumba yonse. Anali ndi nyamakazi yotupitsa zala, moti tsiku lililonse ankamwa piritsi limodzi loyera, lowawa ngati ndulu. Kale mankhwala amenewa ankachizira malungo, koma madokotala ankaperekanso kwa anthu a nyamakazi. Zala za azakhali sizinkatha kutsegula botolo, ndiye wotsegula anali Nambalawani yemweyo.

Lolemba bambo anayamba kutsokomola.

"Atelala, pitani mukayezetse," anatero azakhali. "Kapena mukudikira kuti tikuyezeni ndi tepi yanu yomweyo?"

"Ndi fumbi la nsalu," anayankha bambo, makina osaima.

Nambalawani sanaseke. Wosoka nsapato wa pa msewu wawo anayamba ndi chifuwa chotere, ndipo patatha sabata anaikidwa m'manda ndi anthu ovala zoyera, ana ake ataima kutali.

2. Uthenga wa pa foni

Lachiwiri masana, pa foni yake panafika uthenga wa mawu. Wolankhulayo anati ndi dokotala wamkulu wa kunja. Mawu ake anali odekha ngati a munthu wodziwa zinthu. Anati mankhwala a mliriwu alipo, ndi akale aja a malungo, koma akuluakulu akubisa. Anati munthu amwe anayi m'mawa, anayi madzulo. Akamva chizungulire kapena makutu kulira asaope, ndiye kuti mankhwala akumenyana ndi kachilombo.

Nambalawani sanali wongokhulupirira zilizonse. Anafufuza dzina la mankhwalawo pa foni, ndipo anapeza nkhani yoti akatswiri ena anawathira pa kachilomboko mu labotale, kachilombo n'kufa. Atakweza maso anaona botolo la azakhali pamwamba pa kabati. Dzina lake linali lomwelo.

Anatumiza uthengawo ku gulu la kalasi yawo, n'kulemba pansi pake kuti, "Ndafufuza ndekha. Ndi zoona."

Pakhonde bambo anatsokomola kwa nthawi yaitali, mpaka makina anaima.

3. A Palibe

Lachitatu m'mawa Nambalawani anapita ku famase ya pangodya. Sanafune kukhudza botolo la azakhali. Anapeza mzere wa anthu, aliyense ataima pa chizindikiro cha choko. Mwini famaseyo anali mkulu wa imvi amene anagawa mankhwala m'chipatala zaka makumi atatu. Anthu ankawatcha a Palibe, chifukwa ukapita wopanda pepala la dokotala yankho linali lomwelo.

"Mwana wa atelala," anatero atamuona. "A mtima aja tsiku lake silinakwane."

"Si amenewo, agogo. Ndikufuna awa." Anawaonetsa foni pa galasi.

"Palibe."

"Palibe weniweni, kapena palibe wanu uja?"

Anthu a pa mzere anaseka m'mamasiki mwawo. A Palibe anavula magalasi.

"Onse awiri. Koma iwe uli ndi mutu, ndiye ima pambalipa ndikuuze. Kuyambira Lolemba anthu akungobwera kudzafuna mankhwala amenewa. Onse amva kwa munthu mmodzi, amene nkhope yake sakuidziwa. Malungo amabwera ndi tizilombo ta udzudzu tokhala m'magazi. Mliriwu ndi kachilombo ka mtundu wina. Kiyi wa kunyumba kwanu sangatsegule famase ino, ngakhale konseko kuli zitseko."

"Koma anayesa mu labotale, agogo. Kachilombo kanafa. Ndawerenga ndekha."

"Kanafera m'mbale ya galasi. Sopo nayenso amakapha m'mbale. Ndiye tizimwa sopo? Mbale ilibe mtima, mwana wanga, ilibe impso. Atachoka pa mbale paja anayesa pa anthu ambirimbiri m'zipatala. Ena anawapatsa, ena sanawapatse, kenako anafananitsa. Ochira sanachuluke kwa amene anamwa. Omwalira sanachepe. Chimene anaona n'chakuti ena mwa amene anamwa, mtima unayamba kugunda mosokonezeka. Nkhani imene wawerengayo ndi tsamba loyamba. Iwe umalemba mayeso utawerenga tsamba loyamba lokha?"

"Nanga amene akuti anachira nawo?"

"Ambiri ogwidwa ndi mliriwu amachira okha. Amene anamwa mapiritsi atamanda mapiritsi, amene anamwa madzi a mandimu atamanda mandimu. Amene anamwa n'kufa satumiza uthenga pa foni."

Pa mzere panalibenso woseka. A Palibe anatsitsa mawu.

"Sunandiuze kuti ukufunira ndani, koma chifuwa cha bambo ako ndachimva dzulo podutsa. Mankhwala awo a mtima ndimawerengera ndine m'botolo. Amenewo ndi awa ukufunawa sakhala m'thupi limodzi. Ngati akutsokomola, apite lero akayezetse. Ndi amakani, ndikudziwa. Uwakoke ngakhale pa kolala. Wandimva?"

"Ndamva, agogo."

Pobwerera anadutsa pa shopu ya wosoka nsapato. Pachitseko panali loko, ndipo nsapato imodzi ya munthu inali ikadali pa windo, yosamaliza kusoka. Asanafike pa geti anamva bambo ake akutsokomola.

"Ababa, tiyeni kuchipatala."

"Mamasiki awa akufunika Lachisanu."

"Ababa, chonde."

Bambo anangolowetsa ulusi m'singano.

4. Anayi owonjezera

Madzulo a tsikulo, azakhali ali kubafa, Nambalawani anatsitsa botolo pa kabati. Anaika mapiritsi awiri a mtima m'chivindikiro monga mwa masiku onse. Kenako anawonjezera anayi oyera.

Bambo anatambasula dzanja, kukhuthulira m'chikhatho. Dzanjalo linaima pang'ono m'malere. Kenako anaponya m'kamwa n'kumwera madzi. Nkhope yawo inachita makwinya.

"Akuwawa."

"Asintha kampani, Ababa."

Azakhali anatulukira atakulunga thaulo kumutu. "Nkhope imeneyo bwanji, atelala? Ngati mwamwa anga! Ine zaka zisanu ndikumeza ndulu, simunandimvepo ndikudandaula."

"Tsiku lililonse timakumvani," anatero bambo.

Anamuyang'ana mwana wawo kamodzi, n'kubwezera maso pa singano. "Zikomo, Mayi."

Lachinayi m'mawa Nambalawani anachita chimodzimodzi, madzulonso chimodzimodzi. Tsiku limenelo bambo anakana chakudya. Kawiri konse anaimitsa makina n'kutokosa m'khutu ndi chala.

"Muli chiyani m'khutumo?" anafunsa azakhali.

"Mukulira nyenje."

Nambalawani atamva zimenezo mtima unakhala pansi. Uthenga uja unanena kuti zidzatero. Anaona ngati chifuwanso chachepa, ndipo analemba ku gulu la kalasi: "Bambo anga ayamba kumwa. Zikuthandiza."

Lachisanu m'mawa anaika kachinayi.

5. Makina aima

Nyumba imeneyo inkayendera phokoso la makina. Akamalira ndiye kuti zonse zili bwino. Cha m'ma teni koloko Nambalawani ankatsuka makapu kukhitchini pamene makinawo anaima pakati pa msoko. Anadikira kuti amve chifuwa. Sanamve kanthu. Kenako chitini cha mabatani chinagwa, mabatani n'kumwazika pa simenti.

Anapeza bambo atagwetsa chipumi pa nsalu, manja ali lende. Milomo yawo inali itatuwa ngati phulusa. Pansi panali masanzi.

"Achimwene!" Azakhali anawagwedeza phewa. "Achimwene, ndiyankheni!"

Nambalawani anagwira pa mkono wa bambo pamene buku la sayansi linanena kuti mtsempha umamveka. Unkathamanga, kuima, n'kuthamanganso, ngati munthu wopunthwa mumdima. Iye anangoti kakasi, zala zili pamenepo.

"Ukuyang'ana chiyani? Kaitane wa buledi!"

Woyandikana nawo nyumba anali ndi galimoto yogawira buledi. Anafika pa geti n'kuima, maso ali pa munthu wogonayo.

"Si mliri umenewo, mayi?"

"Masiki wavalayo anakusokera ndi iyeyu, waulere," anatero azakhali. "Nyamula miyendo."

Asanatuluke, Nambalawani anathamangira m'nyumba. Anatenga botolo lija pa kabati n'kuliponya m'thumba la siketi, kuti akalitaye kumene munthu sangalione.

6. Funso la dokotala

Pa geti la chipatala panali tenti. Anamwino ovala zoyera anagoneka bambo pa bedi la mateyala n'kulowa nawo. Azakhali ndi Nambalawani anawauza kuti adikire pa benchi ya panja.

Posakhalitsa kunatuluka dokotala, mayi wachikulire, atanyamula pepala lalitali lokhala ndi mizere yokwera ndi yotsika.

"Abale a telala uja ndinu? Mankhwala amawapatsa ndani?"

"Uyu," anatero azakhali. "Sanaphonyepo ngakhale tsiku limodzi. Mwana ameneyu ndi nambala wani kusukulu, adzakhala mnzanu pa ntchito."

Dokotala anatembenukira kwa Nambalawani. "Amamwa ati?"

Iye anatchula mayina awiri a mankhwala a mtima, osalakwitsa.

"Basi?"

"Basi."

Dokotala anatambasula pepala lija. "Uku ndi kugunda kwa mtima wawo. Pepalali likundiuza kuti m'thupi mwawo muli chinthu china. Mankhwala amene ndingawapatse kuti mtima ukhazikike alipo mitundu iwiri. Ndikasankha molakwika, ndiwamaliza ndine. Nthawi ndilibe. Amwa zitsamba? Mapiritsi ogula pa msika? Sindikufuna kukalipira munthu, ndikufuna kudziwa."

"Achimwene anga amenewo ngakhale piritsi la mutu amakana," anatero azakhali. "Amamwa zokhazo zimene mwanayu waika. Lembani choncho."

Dokotala anayang'ana Nambalawani. Iye anayang'ana pansi. Dzanja lake linali m'thumba, litafumbata botolo.

"Chabwino," anatero dokotala. "Ndichita zongoyerekeza." Anatembenuka n'kuyamba kupita.

Anali atafika pa chitseko pamene Nambalawani anaimirira.

"Adokotala."

Anatulutsa botolo. Mapiritsi otsalawo analira m'katimo.

Dokotala anawerenga dzina la pa botolo, maso ake n'kutseka kamphindi. "Angati?"

"Anayi anayi. Kuyambira Lachitatu madzulo. Kanayi."

"Omaliza amwa nthawi yanji?"

"Seveni koloko."

Dokotala anathamanga, mayi wamkulu ngati ameneyo, akuitana namwino.

Azakhali anali ataima pakamwa pali yasa. "Botolo lija ndi langa?"

"Ee, azakhali."

"Ndiye tsiku lija ndimati nkhope ngati amwa anga..." Sanamalize. Anakhala pa benchi pang'onopang'ono, manja otupawo ali pa maondo. Kuyambira pamenepo mpaka dzuwa kupendeka, azakhali amene ankalankhulira nyumba yonse sanatulutse liwu.

7. Unaika ndiwe

Dokotala anabweranso itadutsa folo koloko. Anakhala kumapeto kwa benchi ngati munthu wotopa.

"Mtima unaima kamodzi. Tinaudzutsa. Tsopano ukugunda bwinoko, koma akhala kuno masiku angapo tikuwayang'anira."

Azakhali anabisa nkhope m'manja.

"Tawayezanso mliri uja. Alibe."

Nambalawani anadzutsa mutu. "Alibe? Nanga chifuwa chija?"

"Chinali cha mtima. Mtima ukafooka, madzi amadzaza m'mapapo, munthu amatsokomola. Akanabwera Lolemba, tikanangosintha piritsi limodzi n'kubwerera kwawo tsiku lomwelo."



"Ndimvere, mwana wanga, poti akuti ukufuna ntchito yangayi," anapitiriza dokotala. "Bambo ako ndi munthu wachitatu sabata ino kubwera atamwa mankhwala amenewa. Woyamba sitinamupulumutse. Mankhwalawa si oipa. Azakhali akowa amawathandiza, chifukwa anayezedwa, ndipo mlingo wawo ndi piritsi limodzi. Lero ndiwauza chiyani? Kuno atha, m'mafamase anthu akokolola, ndipo a mwezi uno wamwetsa munthu amene sankawafuna. Ukadzakhala dokotala udzaona kuti kuwerenga ndi mbali yaing'ono ya ntchitoyi. Usanapereke mankhwala umayamba wadziwa chimene munthu akudwala. Umafunsa zimene akumwa kale. Ndipo umamuuza chimene ukumupatsa, chifukwa thupi ndi lake. Iwe unadumpha zonsezi. Safunsa anadya phula. Koma chimodzi wachita bwino. Ukanakhala chete pa benchi pano, bwenzi pano tikukamba za bokosi."

Anaimirira. "Bambo ako akufuna Mayi. Ndinaganiza kuti akunena akazi awo, koma akuti ndiwe. Mphindi ziwiri zokha."

Bambo anali pa bedi la pafupi ndi khomo, mawaya ali pa chifuwa, chubu chili pa mkono. Popanda makina patsogolo pawo ankaoneka aang'ono. Nambalawani anagwada pambali pa bedi.

"Ababa, kampani sinasinthe. Ndinakunamizani. Ndinkawonjezera mapiritsi a azakhali."

"Ndikudziwa."

"Adokotala akuuzani?"

Bambo anatambasula chikhatho pa bulangete. "Dzanja ili lawerenga mabatani zaka makumi atatu. Anali asanu ndi limodzi."

"Munadziwa kuyambira Lachitatu?"

Bambo anagwedeza mutu kuvomera.

"Nanga munamweranji, Ababa? Kanayi konse?"

Bambo anamuyang'ana nthawi yaitali.

"Unaika ndiwe."

Nambalawani anatsamira chipumi pa chitsulo cha bedi. Misozi imene inakana kutuluka tsiku lonse inabwera nthawi imodzi. Dzanja la bambo linafika pamutu pake n'kukhala pamenepo mpaka namwino anamugwira phewa kuti nthawi yatha.

Atatuluka pakhonde la chipatala anayatsa foni, imene inali yozima chichokereni kunyumba. Mauthenga a gulu la kalasi anayamba kugwa motsatizana. Wapamwamba unali wochokera kwa mnzake wokhala naye desiki imodzi, amene amayi ake ankadwala shuga ndi mtima.

"Nambalawani, zikomo kwambiri. Achimwene awapeza mankhwala aja. Amayi amakana, koma nditawauza kuti wafufuza ndiwe avomera. Amwa anayi m'mawa. Akuti akumva chizungulire, ndiye kuti akugwira ntchito eti? Ena ndiwapatsa faifi koloko."

Nambalawani anaimba. Foni ya mnzakeyo inali yozima. Anaimbanso, chimodzimodzi. Kwawo kwa mnzakeyo kunali tsidya lina la tawuni, ndipo chiyambire mliri mabasi sankayenda.

Wotchi ya pakhoma inkati kwatsala mphindi makumi awiri kuti ikwane faifi. Panja pa geti, wa buledi uja, amene anadikira tsiku lonse, anali akuliza galimoto kuti azipita.

Nambalawani anavula nsapato n'kuyamba kuthamangira galimotoyo.